MANTHA A MAKOLO NDI KHOMO LA SUKULU

Mwezi uno tifuna kulingalira pamodzi funso limene linasautsa mitima ya makolo m'dziko lathu m'zaka za 2020 ndi 2021. Funso lace ndi ili: pamene mliri uli m'dziko, ndipo boma lanena kuti sukulu zitsegulidwe, kodi kholo lokonda mwana wace licite ciani? Limtumize, kapena limsunge pakhomo?

Tiyambe ndi kukumbutsana umo zinayendera. Nthenda ya Covid-19 inabuka ku Wuhan, m'dziko la China, kumapeto a caka ca 2019, niwanda m'maiko onse. Kuno ku Malawi Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti sukulu zonse zitsekedwe kuyambira pa 23 Marichi 2020, asanapezeke wodwala ngakhale mmodzi. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Patapita miyezi isanu ndi theka, pa 7 Seputembala, anabwerera a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, amene analikuyembekeza mayeso, ndipo otsalawo anatsata pa 12 Okutobala. Koma mu Januwale 2021 nthenda inakula koposa kale. Nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo sukulu zinatsekedwanso kufikira kumapeto a Febuluwale.

Pakutsegulira koyambako mai wina anafika pa sukulu pathu m'mamawa, nakhala pansi pakhonde, nati, "Aphunzitsi, ndadza ndi funso limodzi. Kodi mungandilonjeze kuti mwana wanga akabwera kuno sadzatenga nthendayi? Pakuti kwathu ndisunga amai anga okalamba, odwala cifuwa, ndipo mwanayu agona nao m'nyumba imodzi." Ife tinayang'ana cipinda cathu, m'mene ana oposa zana akhala pansi mothinana, phewa ndi phewa, ndipo tinayankha, "Mai, lonjezo lotere sitiri nalo." Tikadayankha mwa njira yina, tikadanama.

Tsono tinene poyera kuti mantha a mai uja sanali cinthu ca manyazi. Nkhuku ikaona mthunzi wa kabawi isonkhanitsa anapiye ace, ndipo palibe munthu amene aiyesa yopusa. Iwo amene anaseka makolo otere, namanena kuti nthendayi nja anthu olemera a m'tauni okha, analakwa ndithu, pakuti maliro anafika ndi ku midzi komwe. Mantha a kholo abadwa m'cikondi, ndipo mphunzitsi kapena mkuru wa boma amene awapeputsa sayenera kusungitsidwa mwana wa munthu.

Komatu mantha ali ndi cirema cimodzi: ali ndi diso limodzi lokha. Apenyetsa coopsa cimene ciri patsogolo, koma cimene ciri kumbuyo saciona. Munthu wothawa moto wa kuthengo alumphira mumtsinje osakumbukira ng'ona. Ambiri a ife tinayesa kuti kusunga mwana pakhomo ndiko kumcotsa m'zoopsa zonse, monga tiika cimanga m'nkhokwe ndi kucipeza ciri comweco pofika dzinja. Koma mwana si cimanga iai. Makolo atapita kumunda kapena ku ganyu, ana sanakhala m'nyumba. Ena anagulitsa mandasi pamsika, ena anatengedwa ku minda ya fodya, ena anatsata asodzi kunyanja. Boma linaulutsa maphunziro pa wailesi, ndipo cinali cinthu cabwino. Koma m'nyumba zambiri munalibe wailesi, ndipo mwina wailesi inalipo koma mabatire munalibe. Ana ang'ono amene anayamba kulumikiza zilembo anabwerera ataziiwala.

Coposa zonse cinagwera ana akazi. Powerengera miyezi ya kutseka koyamba, boma linapeza atsikana otenga pakati oposa 40,000, ndi maukwati a ana ngati 13,000. Ife aphunzitsi sitinasowa kuwerenga m'nyuzipepala, pakuti tinaona tokha poitana maina. Tinaitana dzina, osamva yankho, tinaitananso, ndipo mnzace anati motsitsa mau, "Anakwatiwa." Taonani, abale, munthu akafa ndi mliri mudzi wonse usonkhana ndi kulira, koma mtsikana wa zaka 14 akasiya sukulu palibe amene aika maliro, cinkana zaka zace zonse za m'tsogolo zakwiriridwa tsiku lomwelo. Popeza tsoka lotere liribe mfuu, mantha athu sanaliwerenga.

Pali cinanso cimene tiyenera kufunsa: kodi tinalikuchinjiriza yani? Madokotala anapeza kuti nthendayi iyenda mu mpweya wa munthu, makamaka m'nyumba yotseka ndi yodzaza anthu, ndipo panja iyenda pang'ono. Anapezanso kuti iwawa koposa okalamba, ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, koma ana ambiri iwapitirira mopepuka. Cotero potseka sukulu tinalikuchinjiriza makamaka agogo, makolo ndi aphunzitsi, ndipo amene analipira mtengo wace ndiwo ana. Sitinena kuti ici ncoipa mwa ico cokha. Mwambo wathu uti mwana asenze mtolo wa mkuru, ndipo moyo wa gogo suli wocepa ndi wa mdzukulu. Koma wosenzetsa mwana mtolo ayenera kuuyesa kulemera kwace, ndiponso iye mwini asayende cimanjamanja. Nanga ife akuru tinasenza ciani? Pa 23 Juni 2020 dziko linacita cisankho ca Pulezidenti, ndipo m'masabata a patsogolo pace misonkhano ya ndale inadzaza mabwalo, sukulu ziri citsekere. Misika inali yodzaza, ndi mabasi omwe. Ngati akuru akana kusiya zao, nauza ana okha kuti asiye zao, pamenepo cilungamo capendekeka.

Ndipo ife aphunzitsi tisadziyese oyera. Nafenso tinaopa, pakuti ambiri a ife tiri ndi imvi, ndipo tiima tsiku lonse pamaso pa ana ocokera m'nyumba zambirimbiri. Mu Febuluwale 2021, pamene sukulu zinati zitsegulidwenso, aphunzitsi a m'sukulu za boma ananyanyala nchito, napempha ndalama za ciopsezo, ndipo ana anatayanso masiku ena. Mlandu umenewo sitiuweruza pano. Tingoti mantha a mphunzitsi ndi mantha a kholo ndi mtundu umodzi, ndipo onse awiri ayenera kuyesedwa ndi muyeso umodzi, ndiwo ubwino wa mwana.

Tsono kholo licite ciani? Ife tiona zinthu zitatu.

Coyamba, liike zoopsa zonse ziwiri pa sikelo, ya ku sukulu ndi ya pakhomo. Lifunse kuti, Nthenda yomweyi igwira yani, ndipo iyenda bwanji? Pakhomo panga pali yani wofooka? Mwanayu akapanda kupita ku sukulu, adzakhala kuti dzuwa liri pamutu, ndipo adzakhala ndi yani? Yankho silidzakhala limodzi pa nyumba zonse, kapena pa miliri yonse, pakuti ziripo nthenda zina zimene ziyamba ndi ana.

Caciwiri, mantha asakhale pansi, koma akhale ndi miyendo. Kholo lipite ku sukulu likaone ndi maso ace. Kodi pali ndowa ya madzi ndi sopo? Kodi mazenera atseguka? Kodi ana sangagawidwe, ena m'mawa ena masana, kapena kuphunzira panja pansi pa mtengo? Zimenezi sizilira cuma cambiri, koma zilira anthu ogwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tinaona amai a m'midzi akusoka tinsaru tophimba pakamwa ndi mphuno kucokera ku zitenje zakale, ndi abambo akukonza mjigo umene unafa kalekale. Ndipo pamene katemera anafika m'dziko mu Marichi 2021, gogo wopita kukabayitsa anacita zambiri potsegulira mdzukulu wace khomo la sukulu. Mwana wodwala asungidwe pakhomo kufikira atacira, ndipo mphunzitsi asamkwapule cifukwa ca kujomba kotere.

Cacitatu, tisaweruzane. Wotumiza mwana asachedwe wosasamala, ndipo womsunga asachedwe wamantha. Koma womsungayo apangane ndi mphunzitsi za tsiku lobwerera, pakuti "adzapita mliri ukatha" ndiwo mau amene anameza ana ambiri. Ndipo mpando ukakhala wopanda mwini sabata ziwiri, mfumu, komiti ya sukulu ndi anansi apite kukafunsa. Makolo athu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mai uja anacita motere: anapempha mng'ono wace kuti mwanayo azigona kwao, azicezera agogo ace panja pabwalo, namtumiza ku sukulu. Ife tiyesa kuti anacita bwino, ndipo tikadatero ngakhale nthenda ikadalowa m'nyumba mwace pambuyo pace. Pakuti munthu sayesedwa ndi zimene sakadatha kuzidziwa, koma ndi kusamala kwace posankha. Iye anafunsa, namva zoona, nakumbukira amai ace ndi mwana wace yemwe, osataya mmodzi cifukwa ca mnzace.

Mu Meyi 2023 bungwe la za umoyo la maiko onse linalengeza kuti nyengo ya ciopsezo cacikuru ca Covid-19 yatha. Koma funso lathu silinatha. Mu Januwale wa caka comweco sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinacedwa kutsegulidwa masabata awiri cifukwa ca kolera, ndipo makolo a makolo athu anaona fuluwenza wa 1918. Mliri wina udzafika ndithu. Cifukwa cace tiyeni tikonze madzi, zimbudzi ndi mazenera a sukulu zathu tsopano, mitima iri m'malo, kuti tsiku limene mai wina adzakhala pakhonde ndi funso lomwe lija, tidzathe kumuonetsa zimene tacita, cinkana lonjezo sitidzakhala nalo.