Chithunzi cha Thambo: Choonadi Chake ndi Mwiniwake

Kamera imaona usiku mosiyana ndi diso la munthu. Diso silisunga kuwala, ndipo mumdima silisiyanitsa bwino mitundu. Koma kamera ikakhazikidwa osagwedezeka n'kusiyidwa yotsegula kwa masekondi 20, imatolera kuwala pang'onopang'ono, mpaka Mlalang'amba, umene maso amauona wotuwa chabe, umatuluka ndi mitundu komanso nyenyezi zosawerengeka. Motero chithunzi chabwino cha nyenyezi chimaonetsa zimene wojambulayo sanazione ndi maso ake. Kodi chithunzi chotere n'choona?

Funsoli silinabwere ndi kompyuta. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja payokha, thambo palokha, kenako n'kuziphatikiza papepala limodzi, chifukwa zipangizo za nthawiyo zinkalephera kugwira zonse ziwiri bwinobwino. Mu 1941, Ansel Adams anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico, mitanda ya kumanda ikuwala ndi dzuwa lolowa. Potsuka chithunzicho m'zaka zotsatira, ankadetsa thambo mowonjezereka, mpaka timitambo tina tam'mwamba tinazimiririka. Komabe mwezi, mudzi ndi mandawo zinalipodi madzulo amenewo.

Apa m'pamene pagona nkhani. Anthu amakhulupirira chithunzi monga momwe amakhulupirira mboni pabwalo la milandu: ikhoza kukweza mawu pofotokoza, koma isanene zimene sizinachitike. Kudetsa thambo kapena kudikira kuti kuwala kuchuluke ndi kukweza mawu basi. Kutenga mwezi wa usiku wina n'kuupachika pamwamba pa phiri limene sunadutsepo ndi umboni wonama, pokhapokha wojambulayo atanena poyera zimene wachita. Bodza silikhala m'chithunzimo. Limakhala m'zimene woonera wachititsidwa kukhulupirira.

Makina a masiku ano asokoneza malirewa. Mu 2023, munthu wina anatenga chithunzi cha mwezi, n'kuchifufutiza dala kuti chisaoneke bwino, kenako anachijambula pakompyuta ndi foni ya Samsung. Foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi maenje ndi zigwa zomwe pachithunzi chofufutikacho panalibe. Mwezi weniweni uli ndi maenje amenewo, n'zoona, koma kuwala kwake sikunalowe m'kamerayo. Foniyo inachitira umboni zimene inangophunzira.

Nkhani ya umwini imakokera kwina. Mu 1884, khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa chithunzi cha Oscar Wilde chomwe anajambula Napoleon Sarony. Kampani imene inachikopera inkati chithunzi ndi ntchito ya makina, choncho chilibe mlengi. Khoti linakana, ponena kuti Sarony ndiye anasankha kaimidwe, zovala ndi kagwedwe ka kuwala. Wojambula thambo sangauuze mwezi poima, koma amasankha malo, ola ndi chimene chilowe m'chithunzi, ndipo zosankhazo n'zimene lamulo limateteza. Phiri ndi nyenyezi sizikhala zake. Wina akhoza kuima pamalo omwewo mawa n'kujambula chake, koma sangatenge cha mnzake n'kulembapo dzina lake.

Mfundo ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimaoneka ngati zikulimbana. Woonera amakhulupirira chithunzi poganiza kuti munthu sanaikemo zake, pamene lamulo limapereka umwini chifukwa munthu anaikamo zake. Zimagwirizana pokhapokha zikamveka kuti chimene wojambula amaikamo ndi chisankho ndi luso, osati zinthu zimene kunalibe. Munthu amene wachezera pachisanu kudikira kuti mitambo ichoke ali ndi zonse ziwiri: anaona, ndiponso anasankha.

Chithunzi chopangidwa ndi makina okha chilibe chilichonse mwa ziwirizi. Mu 2023, khoti lina ku Washington linagamula kuti chithunzi chimene kompyuta yapanga popanda dzanja la munthu sichingatetezedwe ndi lamulo la umwini la ku America. Chikhoza kukongola kwambiri, koma sichiyenera kuonetsedwa kapena kugulitsidwa ngati chithunzi chojambulidwa usiku winawake pamalo enaake.