Kodi Tilole Kuti Apime Mtembo wa Mwana Wathu?

Tiyerekeze kuti mwana wathu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe wakomoka ndi malungo a mu ubongo, ndipo watsirizikira ku chipatala cha Gulupu. Misozi isanaume, adokotala akutipempha kuti apime mtembo ndi kuona ubongo wake. Tiyankhe chiyani?

Pempho lotere makolo ambiri a mu Blantyre adalimva kuyambira 1996, pamene Dr. Terrie Taylor, Prof. Malcolm Molyneux ndi anzao adayamba kupima matupi a ana omwalira ndi nthendayi. Mtima umakana, ndipo tisaudzudzule msanga. Abale asonkhana pasiwa, adzukulu akudikira kumanda, ndipo kuika akufa mwaulemu ndi ntchito ya chifundo imene Eklezia amatiphunzitsa.

Komabe taonani chimene makolo ovomera adapatsa dziko. Mu 2004 zidadziŵika kuti mwa ana 31 oyesedwa kuti adafa ndi malungo a mu ubongo, 7 adafa ndi matenda ena. Kupima komweko kudatsimikiza kuti zizindikiro za nthendayi zimaoneka m'kati mwa diso, kotero dokotala angathe kuizindikira mwana akali moyo. Mu 2008 makina a MRI, ojambula ubongo popanda mpeni, adafika pa Gulupu. Ndipo mu 2015 akatswiri adalengeza kuti ana ambiri amafa chifukwa ubongo umatupa, nkupanikiza mbali imene imalamula kupuma.

Kodi tsono ubongo ndiye munthu? Iyayi. Mpeni ungautsegule, makina angaujambule, koma mzimu umene Mulungu adapatsa mwanayo sugwidwa ndi chipangizo. Nchifukwa chake Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 amalola kupima mtembo pofufuza nzeru, malinga thupilo lilemekezedwe, pakuti lidzauka tsiku lomaliza.

Choncho udindo uli mbali ziŵiri. Wofufuza afotokoze zoona m'chinenero chathu, asakakamize wolira, ndipo nzeru zimene wapeza azibwezere kwa ana a m'makomboni momwe mudachokera malirowo. Ife nafe tisathamangire mphekesera zoti akufuna ziwalo, ndipo m'miphakati mwathu tisanyoze banja lovomera, kapena kuweruza lokana.

Mphatso siikakamizidwa. Koma mai amene adati inde, mtima ukuŵaŵa, adachitira chifundo mwana wa mnzake amene sadzamuona nkomwe. Tsiku lotere likatigwera, Ambuye atipatse nzeru yosankha mwa chikondi, osati mwa mantha.