Njobvu Zopanda Minyanga

Mau owerenga: Deuteronomo 20:19-20

M'cilamulo ca Mose muli lamulo limene anthu salikumbuka kawirikawiri. Ankhondo a Israyeli, pozinga mudzi wa adani ao, analetsedwa kugwetsa mitengo yobala zipatso, popeza mtengo ulibe mlandu ndi munthu. Mulungu anadziwa kuti mkwiyo wa munthu ukayaka sulekeza pa mdani yekha, koma upsereza nthaka, madzi ndi nyama zomwe. Dziko la Mozambique, lopakana malire ndi Zambia, liri mboni ya zimenezi.

Pakati pa dzikolo, m'cigawo ca Sofala, pali phiri lalikuru dzina lace Gorongosa, lotalika mamita 1,863. Mitsinje yocokera m'nkhalango zace itsikira ku dambo lalikuru ndi ku nyanja ya Urema. Mvula ikagwa madzi asefukira m'dambomo, ndipo akaphwa msipu uphuka wokwanira nyama zonse. Mu 1960 boma la Apwitikizi linapatula malowa kuti akhale osungiramo nyama za kuthengo. Nkhondo isanadze, anthu oziwerenga ali m'ndege anapeza njati ngati 14,000 ndi njobvu zoposa 2,000, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi mvuu zikwizikwi.

Mozambique analandira ufulu mu 1975, koma mu 1977 abale anaukirana, asilikari a boma la Frelimo ndi ankhondo a Renamo, namenyana kufikira 1992. Anthu ngati 1,000,000 anafa, ndi ena ambiri anathawira ku maiko apafupi. A ku Petauke akumbukira othawa nkhondo amene anakhala ku Ukwimi. Ku Gorongosa nkhondoyo inakula koposa, pakuti a Renamo anamanga misasa yao kufupi ndi phirilo. Asilikari a mbali zonse ziwiri anapha nyama kuti adye. Njobvu anaziombera cifukwa ca minyanga, imene anaigulitsa nagula nayo mfuti ndi zipolopolo. Anthu anjala naonso anachera misampha. Mfuti zitaleka kulira, pa nyama zazikuru 10 ziri zonse, 9 zinali zitatha, ndipo njati zotsala sizinakwane 100.

Akuru amati njobvu zikamenyana wobvutika ndi udzu. Ku Gorongosa omenyana anali anthu, ndipo njobvuzo ndizo zinasanduka udzu. Cipsera cace cioneka kufikira lero. Kale, mwa njobvu zazikazi zisanu, imodzi yokha inali yopanda minyanga. Koma mwa zazikazi zopulumuka nkhondo, theka zinalibe, cifukwa wosaka sanafune kutaya cipolopolo pa nyama yopanda malonda. Zopulumukazo zinabala ana ofanana nazo, kotero kuti mwa zazikazi zobadwa nkhondo itatha, imodzi mwa zitatu iribe minyanga. Mwana wa njobvu amene sanamve konse kulira kwa mfuti ayenda ndi cizindikiro ca nkhondo m'thupi mwace. Ndimo licitira chimo: likhalitsa kuposa wolicita.

Nthaka nayonso inasunga udani wa anthu. Mabomba okwiriridwa m'njira ndi m'minda anapitiriza kupha ndi kulemaza alimi ndi ana mtendere utadza kale. Munali mu 2015, patapita zaka 23, pamene boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabombawo ayeretsedwa.

Komatu Mulungu sanalitaye dzikolo. Zaka zonse za nkhondo mvula inagwabe paphiri, ndi dambo linaphukabe msipu, ngati gome lokonzedwa kuyembekeza alendo. Cotsala cinali cakuti manja amene anaononga ayambe kukonza. Mu 2008 boma linapangana ndi Greg Carr wa ku America za kuutsanso malowo. Anabweretsa njati zocokera ku South Africa. Mimbulu inabwezedwa mu 2018. Alimi a paphiri anayamba kubzala khofi mumthunzi wa mitengo ya cibadwidwe, nabwezera nkhalango imene inadulidwa. Powerenganso mu 2018, nyama zazikuru zinapitirira 100,000, ngakhale kuti mbidzi zinali zikali zowerengeka. Kuononga kunatenga zaka 15; kucira kwatenga zoposa pamenepo, ndipo sikunathe.

Mkristu wa kumudzi asanene mumtima mwace kuti nkhondo ndi nkhani ya maiko ena. Mbeu yace imera paliponse pamene abale awiri alimbana cifukwa ca malire a munda. Wina adula mtengo wa mango umene atate ao anabzala, kuti mnzace asadyeko. Wina ayatsa thengo usiku, moto nunyeketsa udzu wofolerera nyumba za mudzi wonse. Munda wa mkangano ugona zaka zitatu wosalimidwa, ana ali ndi njala. Mtengo udulidwa m'mawa umodzi, koma mdzukulu amene sanakangane ndi munthu adzasowa mthunzi ndi zipatso zaka zambiri. Nkhondo simanga mudzi.

Cotero iye amene ali ndi mlandu ndi mbale wace autengere kwa mfumu kapena kwa akuru a mpingo mvula isanagwe, asautengere ku mtengo kapena ku citsime. Ndipo amene anadula kale, abzale. Nthaka ndi ya Mulungu. Munthu anaikidwapo kuti aisunge, ndipo adzafunsidwa za iyo.

Mulungu, mwini mvula ndi mapiri, apatse anthu ace mitima yofatsa ndi manja ociritsa, kuti dziko lipumule pansi pa mapazi ao. Amen.