Musanamate pepala la maluwa pakhoma

Ana anga, inu amene mwangolowa kumene m'banja, ndi inu amene muli ku Joni koma mukumangitsa kuno kumudzi, tandimverani pa nkhani ya fashoni yafikayi yomata wallpaper pabalaza. Sindikudana nayo ayi. Ndalowamo m'nyumba za pa Liwonde ndi pa Balaka momwe pepala lamatidwa mwaluso, ndipo munthu umachita kukhala pampando mwaulemu. Ndalowanso mwina momwe pepala lafutuka m'makona, lachita mathothomathotho akuda, eni ake n'kukankhirapo kabati kuti alendo asaone. Mwina onsewa anagula m'sitolo imodzi ku Limbe, pamtengo umodzi. Chinawasiyanitsa ndi khoma lomwe anamatapo.

Poyamba ndinene za kuchuluka kwake. Matani khoma limodzi basi, atatu enawo muwasiye oyera kapena a mtundu umodzi wofatsa. Zimenezi musaziyese nzeru zochokera pa Facebook. Amayi athu ankazidziwa kalekale. Mvula ikatha, chimanga chili m'nkhokwe, mayi ankapita kudambo kukatapa dothi lakuda, kwina n'kukakumba katondo wofiira, kwinanso dothi loyera. Nyumba yonse ankaizira, inde, koma luso lake lonse ankalisungira chipupa cha pakhonde, choyang'ana kubwalo, chimene mlendo amayamba kuona akamaodira. M'munsi ankadutsitsa mzere wakuda wofika m'mawondo, kuti madontho a mvula ndi mapazi a ana asamaonekere. Pamwamba pake ankapaka dothi lofiira, kenaka ndi chala kapena kansanza n'kujambula masamba, timizere tokhotakhota, nthawi zina n'kudinda chikhatho cha mwana wake. Kuseri kwa nyumba sankatayako nthawi. Chipupa chimodzi chimenecho chinkauza mudzi wonse kuti muno muli mzimayi wa manja. Inu a ku Joni mwina munaonako nyumba za Amandebele. Mayi wina wa kumeneko, Esther Mahlangu, anaphunzira kujambula makoma kwa amayi ake ndi agogo ake, ndipo mu 1991 a kampani ya BMW anamupempha kuti ajambule galimoto yawo. Luso lomwelo la pakhonde.

Makoma onse anayi akadzaza maluwa, maso amasowa popumira, chipinda chimaoneka chothina, ndipo thumba limaphwa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mpukutu wodziwika kwambiri umakhala wa masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Tinene kuti khoma lanu ndi la mamita 4, kutalika kwake kufika kusiling'i ndi mamita 2.6. Pafunika zidutswa 8 zoimirira. Mpukutu umodzi umatulutsa zidutswa 3, chotsalacho n'chachifupi, sichifika pansi. Ndiye kuti mipukutu 3 yakwana khomalo. Chipinda chonse cha msinkhu womwewo chingadye mipukutu 9 kapena 10. Ndalama ya mipukutu 6 kapena 7 yotsalayo ndi ya malata a khitchini, kapena fizi ya mwana.

Koma nkhani yanga yaikulu ndi ya khoma lenilenilo, ndipo apa ndikhalitsapo.

Pepala silichiritsa khoma lodwala. Kwathu kuno nyumba zambiri timamanga ndi njerwa zootcha koma zomangira dothi, zina ndi zidina, ndipo ambiri poyala maziko saikapo pulasitiki wakuda uja wotchinga chinyezi. Mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthaka imakhuta madzi, njerwa n'kumayamwa madziwo kuchoka pansi kukwera m'mwamba. Inu a kufupi ndi Shire, a m'madambo a ku Chilwa ndi ku Chiuta, mukudziwa zomwe ndikunena. Mumaona mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, penti akutuwa n'kumasupuka, ndi ufa woyera wa mchere ukutuluka mu pulasitala. Khoma lopakidwa laimu kapena lozira limapuma: chinyezi chimalowa, dzuwa likawala n'kutulukanso. Mapepala ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ali ndi khungu la pulasitiki pamwamba. Mukamata limenelo pakhoma lonyowa, madzi amasowa potulukira. Amakhala kuseriko, guluu amasungunuka, chuku chimamera, m'nyumba n'kuyamba kafungo kaja kamene eni ake samva koma mlendo amamva ali pakhomo. Mwana wa chifuwa cha mphumu ndiye amayamba kulipira.

Choncho nyumba yatsopano musaithamangire. Pulasitala amafuna masabata anayi kapena kuposerapo kuti akhwime, koma ine ndimati dikirani dzinja lathunthu lidutse. Mvula ndiyo imaulula pamene mmisiri anaba. Muone pamene pakudontha, pamene pakuchita mng'alu, pamene pakutuluka mchere. Ngati simungadikire, yesani chonchi: dulani kapulasitiki koonekera mkati, kakulu ngati mpango wa m'manja, mukamate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, makamaka cham'munsi, ndipo mukasiye masiku awiri. Mukapeza timadontho kuseri kwake, kapena pulasitala atada pamalopo, khomalo silinakonzeke. Funani kaye kumene madzi akuchokera. Mwina ndi khonde losowa, mwina ngalande yoyenda m'mbali mwa maziko, mwina malata aafupi amene amathira madzi pachipupa.

Tonse tinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, momwe makoma ankagwera. Ambiri sanagwe ndi mphepo. Ananyowa kuchokera pansi mpaka anafewa, n'kukhala pansi okha. Mng'alu pakhoma ndi chenjezo, ndipo munthu wanzeru amafuna aziuona tsiku ndi tsiku kuti adziwe ngati ukukula. Kuuphimba ndi maluwa n'kudzitseka m'maso wekha.

Apa ndilankhule ndi inu a kutheba. Muli ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mukugona anthu asanu m'chipinda chimodzi kuti musunge marandi, ndipo mwezi ndi mwezi mukutumiza kwa mlamu wanu kuti akumangireni ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Ulongwe. Tsiku lina pa WhatsApp pafika chithunzi: pabalaza pali khoma la maluwa agolide, sofa pansi pake. Mtima pansi, mwayamba kuonetsa anzanu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti alamu onse ndi akuba, koma pepala la mipukutu itatu limatha kubisa matumba angapo a simenti amene sanafike pakhomalo. Pemphani zithunzi za khoma lili lamaliseche, njerwa zikuoneka, kenaka litapakidwa pulasitala, kenaka mvula itagwa. Za kukongoletsa muwauze kuti mudzachita nokha mukadzabwera. Palibe amene angakwiye nazo ngati manja ake ali oyera.

Tsono khoma lake liti? Sankhani la mkati, logawa zipinda, limene silikumana ndi mvula kunja. Lisakhale logundana ndi bafa, kapena limene kuseri kwake kuli mpopi. Lisakhale lowombedwa ndi dzuwa lolowera pazenera masana onse, chifukwa dzuwa la ku Balaka kuno silichita manyazi: maluwa ofiira amasanduka otuwa, ndipo pamene panali chithunzi chopachika pamatsala chizindikiro. Kawirikawiri khoma labwino ndi limene munthu amaliona akangolowa, kuseri kwa mipando kapena kwa TV, kapena kumutu kwa bedi. Likhale lopanda mazenera ndi zitseko zambiri, poti kudula pepala mozungulira mafelemu ndi kumene kumagonjetsa ngakhale amisiri.

Za laimu ndinenepo. Tili ndi mwayi kuno, miyala ya laimu ili pakhomo pathu m'mapiri a Chenkumbi, ndipo anthu akhala akuiotcha kwa zaka zambiri. Laimu ndi wotchipa, amayeretsa nyumba, ndipo Khirisimasi kapena Idi ikayandikira mumangobwereza. Makoma atatu aja apakeni laimu mosachita manyazi. Koma khoma lomatapo pepala lisakhale ndi laimu. Pukutani ndi chikhatho: chikayera, dziwani kuti guluu adzagwira ufawo osati khoma, ndipo pepala lidzatsika lokha usiku wina. Palani laimuyo mpaka pulasitala aoneke, tsekani maenje, kwechani ndi sandipepa, pukutani fumbi, pakani penti woyamba wa pansi, aume. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kuposa kumata kwenikweniko, n'chifukwa chake anyamata aganyu amakonda kuidumpha. Imani pomwepo muziona.

Pogula, yang'anani kuti mipukutu yonse ili ndi nambala yofanana pa chikutiro chake. Maluwa akhoza kufanana koma mtundu n'kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pakhoma, osati m'sitolo. Maluwa akuluakulu amadya pepala, poti chidutswa chilichonse chiyenera kukumana ndi chinzake, duwa kwa duwa, ndiye onjezerani mpukutu umodzi. Ulendo wobwerera ku Limbe kukafuna mpukutu umodzi ungakudyereni ndalama yoposa mpukutuwo, n'kukapezanso mtunduwo unatha. Ndipo ganizirani amene adzakhale pabalazapo. M'mabanja ambiri a Chisilamu ku Machinga akuluakulu samasuka kuswali m'chipinda chokhala ndi zithunzi za anthu kapena nyama. Ngati apongozi anu ndi otero, sankhani masamba kapena mizere. Mukambirane awiri, mwamuna ndi mkazi. Kuno kwathu ambiri timamanga kuchikamwini, ndipo amene adzakhale akuyang'anizana ndi khomalo tsiku lonse, n'kumalipukuta, si amene ali ku Joni.

Nthawi yabwino yomata ndi Juni mpaka Ogasiti, makoma atauma koma kutentha kusanafike. Mu Okutobala guluu amauma m'manja musanalunzanitse maluwa. Yambani m'mawa, mazenera ali otseka kuti mphepo ya mwera isalowetse fumbi. Musakhulupirire kona ya nyumba kuti ndi yowongoka. Makona athu ambiri anaweramira kumodzi. Mangani mwala kuchingwe, muulendewetse kuchokera pamwamba, ukaima mulembe mzere ndi pensulo. Chidutswa choyamba chitsate mzere umenewo, chifukwa chikapendekeka ngakhale pang'ono, chachisanu ndi chitatu chidzakhala chitagona. Siyani kachidutswa kotsala pamwamba ndi pansi. Salazani ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. M'mphepete mwa zidutswa muzigundanitsa, osasanjikiza. Dulani zotsalazo ndi lezala watsopano, wobuntha amang'amba pepala lonyowa. Pofika pa soketi, zimitsani kaye magetsi a nyumba yonse.

Guluu gulani weniweni wa ntchitoyi. Kale tinkamata manyuzipepala ndi makalendala a m'sitolo ndi phala la chinangwa, ndipo zinkagwira, koma phala ndi chakudya. Mphemvu zimabwera, nyerere zimabwera, ndipo chiswe chikapeza njira kuchokera m'maziko chimadya pepala kuchokera kuseri, inu n'kudzazindikira chala chitabowola duwa. Nsikidzi nazo zimakonda pamene pepala lafutuka, zimaikira mazira m'menemo momwe mankhwala safika. Kona ikangofutuka, imateni tsiku lomwelo.

Kuli mapepala ena odzimata okha, amene mumangosenda kuseri n'kumata, ndi ena a siponji ooneka ngati njerwa. Ndi osavuta, ana asukulu amawakonda. Koma m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kutentha kwa pa Liwonde kumafewetsa zomatira zake, m'mphepete n'kumakakamira fumbi. A siponjiwo amayakanso msanga. Magetsi akazima ife timayatsa kandulo, mu Juni timalowetsa mbaula m'nyumba. Zinthu zimenezi zisayandikire khoma lotero, ndipo kukhitchini musamateko n'komwe, mwaye ndi mafuta sizichoka papepala.

Pali china chimene ambiri saganizira. Boma la Balaka ndi limodzi mwa maboma amene azaumoyo ankapoperamo mankhwala ophera udzudzu m'makoma a nyumba. Udzudzu ukaluma umakatera pakhoma, ndipo mankhwalawo amaupha pomwepo. N'chifukwa chake opoperawo amalangiza kuti musazire kapena kupaka penti kwa miyezi ingapo. Kumata pepala pamwamba pa mankhwalawo n'chimodzimodzi. Ngati kwanu apopera posachedwa, dikirani, ndipo akadzabweranso musawabweze pakhomo poopa kuti akuonongerani maluwa. Afunseni iwowo chochita ndi khoma limenelo. Malungo agoneka ana ambiri m'zipatala zathu kuposa momwe khoma losakongola linachitirapo.

Inu a lendi pa Balaka, pa Liwonde kapena pa Mangochi Turn-off, pemphani kaye kwa eni nyumba, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni kuti potuluka pepalalo lidzatsala kapena mudzalichotsa. Pomatula limatha kunyamula penti ndi pulasitala yemwe, ndipo milandu yotere imathera kwa amfumu, ndalama ya chikole osabwezedwa. Ngati eni nyumba akukayika, pali njira ina: khomerani pepalalo pa thabwa lopyapyala la pulayiwudi, kapena kungani chitenje chabwino pa felemu, muimike kuseri kwa mipando. Tsiku losamuka mudzakweza pa ngolo pamodzi ndi bedi.

Zotsala za mpukutu musapatse ana kuti akutire makope. Zikulungeni m'pulasitiki pamodzi ndi chikutiro chokhala ndi nambala chija, muziike pamwamba pa kabati pomwe chiswe sichifika. Mwana akadzayamba kuyenda adzapeza pamene zidutswa zinakumana, adzakanda ndi chikhadabo n'kukoka, ndipo mudzafuna chigamba cha duwa lomwelo.