Mutu umodzi susenza denga

"Mutu umodzi susenza denga." Denga la nkhokwe amalikweza anthu angapo, aliyense atagwira mbali yake. N'chimodzimodzinso pa masewero a mpira.

Mnyamata wosewera kumbuyo pa bwalo la fumbi ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Liwonde amalota jezi ya Flames. Koma malo akumbuyo nthawi zambiri amakhala anayi okha, olimbirana ndi dziko lonse. Choncho mnzake woima naye pakati pa difensi amayamba kumuona ngati mdani. Mukaonetsetsa pa Balaka Stadium tsiku limene kwamveka kuti kwabwera ofuna osewera, mudzaona wina akusiya malo ake, kuthamangira mpira umene si wake, kutsetsereka pansi mosafunikira kuti anthu akuwe. Kumbuyo kwake kwatsala mpata, wakutsogolo wadutsa, goloboyi wangogwira m'chiuno.

Wakutsogolo akhoza kuwala yekha. Ku Yaoundé mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango adamenya mpira kuchokera kutali nkuchinya Morocco, dziko lonse lidalumpha. Koma kuti Flames ifike m'ndime ya matimu 16 ya AFCON kwa nthawi yoyamba, otchinga kumbuyo ngati Denis Chembezi ndi Stanley Sanudi adayenera kuyenda ngati omangidwa chingwe chimodzi, ndipo Senegal, imene idadzatenga chikhocho, idalephera kuwachinya.

Mphunzitsi wodziwa ntchito amayang'ana amene akukuwira mnzake kuti "tseka uko", amene akutseka pamene mnzake wapita kutsogolo. Zimenezi ochemerera saziimbira m'manja, n'chifukwa chake anyamata ambiri amachedwa kuziphunzira.