Kodi Mtima Wosweka Ndi Chikhulupiriro Chochepa?

Pamene odwala oyamba a Covid-19 m'Malawi muno analengezedwa pa 2 April 2020, sukulu zitatsekedwa kale m'mwezi wa March, ambiri tinayesa kuti mliriwu udzangogwira chifuwa ndi mpweya. Koma alipo ena amene sanatsokomole n'komwe, ndipo sanagonekedwe m'chipatala ngakhale usiku umodzi, amene anatuluka m'nyengo ija ali odwala kwakukulu, tulo titawathawa, nsima isakumezeka, mkwiyo wosadziwika kochokera ukugwera a m'nyumba mwawo. Kodi munthu wotere tinene kuti chikhulupiriro chake chachepa, monga alaliki ena afulumira kuweruza?

Makolo athu, amene ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, sankalola munthu kusenza yekha chisoni. Zovuta zikagwa pamudzi, amayi ankadzaza nyumba ya siwa, abambo n'kuchezera pamoto, adzukulu n'kulawirira kumanda, ndipo kufikira tsiku lometa wofedwayo sankasowa womukhalira pafupi. Mliri unadula zonsezi. Mtembo unkanyamulidwa ndi azaumoyo ovala zodzitetezera, wachibale osaloledwa kuusambitsa kapena kuuona nkhope, operekeza akuwerengedwa. Ndipo mu January 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, mantha anakula kotero kuti mayi wamasiye, pobwera kumanda, ankapeza anansi akumupepesa ali chapatali. Chisoni chimene sichinaliridwe sichichoka; chimakhala m'thupi, n'kumatuluka ngati kugunda kwa mtima, kuiwalaiwala, ndi kudziimba mlandu kosatha kuti mwina ndine ndinabweretsa nthendayi pakhomo.

Abambo anali ndi goli lawolawo. Khoti Lalikulu litaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 mu April 2020, osauka anapuma, pakuti amene amadya za tsiku lomwelo sangatsekeredwe m'nyumba. Komabe malonda anazilala, ganyu anasowa, ndipo ambiri amene anabwerera kuchokera ku Joni podzera pachipata cha Mwanza anafika manja lendelende, akulozedwa chala kuti ndiwo onyamula mliri. Munthu amene analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ngongole ya katapila ikumuthina, ana atakhala pakhomo miyezi yambiri akupempha chakudya, analibe kotulira nkhawa zake koma kumowa, kapena pamsana pa mkazi wake, kapena, tsoka ilo, pa chingwe. Apolisi ankanena kuti ambiri mwa odzipha anali amuna. Ine sindikhulupirira kuti onsewo anali opanda Mulungu.

Pakuti Malembo eni ake satiphunzitsa chotero. Eliya, atangoona moto wa Yehova pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu napempha kufa; ndipo mngelo sanamudzudzule, koma anamupatsa mkate ndi madzi, namlola agonenso. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi ali chete, nayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa kufunafuna tchimo limene linabala masautso ake. Ngakhale Ambuye Yesu, m'munda wa Getsemane, anapempha anthu atatu kuti achezere naye. Ngati Iye anafuna anzake pa ora la kupsinjika, ife ndife yani kuti tiuze mkristu wovutika kuti pemphero la yekha m'chipinda limukwanira?

Chondiwawa n'chakuti thandizo lilipo, chingakhale n'lochepa, ku chipatala cha Zomba Mental ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma dzina lakuti misala limaopedwa kuposa nthendayo, ndipo banja limalolera kubisa wodwala kufikira zitafika poipa. Mbusa kapena shehe, amayi a Mvano kapena a m'miphakati, ndiwo amene amalowa m'nyumba zimene dokotala sadzafikamo. Akapeza munthu amene wakhala milungu osagona, osadya, akulankhula za imfa, amupempherere ndithu, kenaka amufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, amvetsere yankho lake mosamukalipira, ndipo tsiku lomwelo apite naye kuchipatala.