Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Kagalu kakang'ono kakalowa m'tchire kamakanda paliponse, mpaka kutopa kasanagwire kanthu. Galu wamkota amayamba wanunkhiza, ndipo pamene wakanda dziwani kuti pali mbewa. Makolo ponena mwambiwu ankatiphunzitsa kuti munthu wamkulu sachita chinthu popanda chifukwa, ndipo samwaza mphamvu zake.

Amene anapitako ku Umthetho, mwambo wa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa umene umachitikira patsinde pa phiri la Hora, adzandivomereza. Ingoma ikayaka, anyamata amaponda mwaukali, fumbi kobo, koma amatha mpweya msanga. Madala aimvi amanyamula chishango modekha, n'kuponda pamene nyimbo ikufuna basi.

Akatswiri oyeza kayendedwe ka thupi nawonso anaona kusiyana kotereku pakati pa okalamba ndi achinyamata. Mu 2000, Paul DeVita ndi Tibor Hortobagyi a ku America anasonyeza kuti okalamba poyenda sakankha kwambiri ndi akakolo monga achinyamata. Ntchito yambiri imasamukira m'chiuno. Thupi limadzipezera njira ina. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa, pafupifupi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo imene imafooka msanga ndi ija yodumphira ndi yothamangira.

Koma pali mbali ya mwambiwu imene timaiphonya: galu wamkota uja akukandabe. Sanagone pakhonde. Ife, m'dzina la ulemu, timalanda agogo khasu, kuwaletsa kupita kudimba, n'kuwakhazika pampando tsiku lonse. M'midzi ya ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, kumene ana ambiri ali ku Joni, ndalama zikafika mawu amakhala akuti, "Adada, pumulani tsopano." Chikondi chimenechi n'chenicheni, sindikuchinyoza, koma mnofu wosagwiritsidwa ntchito umafota msanga, kenaka kudzuka pamphasa kumavuta, ndipo kugwa kumayandikira.

Mu 1990 dokotala Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anaphunzitsa nkhalamba khumi za zaka zapakati pa 86 ndi 96 kunyamula zolemera ndi miyendo. Patatha masabata 8 okha, mphamvu za m'ntchafu mwawo zinali zitaposa kuwirikiza kawiri. Anthu amenewa sanali ochita masewera. Anali ofooka, okhala m'nyumba yosungira okalamba.

Ndiye inu muli ndi agogo pakhomo, musawatsekere. Katundu wolemera alandireni, koma kumsika, kutchalitchi ndi kubwalo la ingoma azipita okha ndi miyendo yawo. M'mbale mwawo muzikhala nyemba, nsinjiro, usipa kapena chambiko, chifukwa nsima yokha simanga mnofu. Bondo likatupa kapena chifuwa chikawawa poyenda, apititseni kuchipatala cha boma pa Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni akawaone.